Gulu lanu likufuna ndalama za boma? Yambani ndi izi kuno ku Mangochi

Anthu akhala akundivutitsa pa WhatsApp kuti achimwene, ndalama za boma zothandizira magulu zija zimapezeka bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi kuti ndisamabwereze. Ine ndine mlembi wa kagulu kathu kuno ku Namwera ndipo mapepala a zimenezi ndayenda nawo mpaka nsapato kutha.

Poyamba chotsani maganizo oti ku Lilongwe kuli ofesi ina yake yoti mukalemba kalata yokoma akutumizirani cheke. Ndalama zambiri za chitukuko zimadzera ku khonsolo, ndipo chiyambireni mphamvu ku anthu mu 1998 njira yake ndi yomweyo, nkhani imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwa a gulupu, ikalowa mu pulani ya mudzi ija amati VAP imapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, kwa a T/A, kenako ndi pomwe imakafika ku boma n'kulowa mu pulani ya chitukuko ya khonsolo yonse. Ndiye ngati sukulu ya mmera mpoyamba yomwe mukufunayo sinatchulidwe ku VDC, kaya muli kwa Jalasi kaya kwa Nankumba, mungolira nayo pa Facebook koma palibe adzaione. Pitani ku misonkhano imeneyi ngakhale imatopetsa, ndipo onetsetsani kuti mlembi walembadi dzina la gulu lanu m'maminitsi, osati kungogwedeza mutu.

Kenako kulembetsa. CBO, kutanthauza gulu la m'mudzi lothandiza anthu a m'dera lawo, imalembetsedwa ku ofesi ya Social Welfare ku boma, ndipo musapite chimanjamanja, tengani malamulo a gulu olembedwa, mayina a komiti yonse, maminitsi a tsiku lomwe munasankhana komanso kalata ya amfumu yachidindo. Chidindocho musachipeputse, ndinaonapo mayi wina atachokera ku Makanjira m'mamawa kudzangobwezedwa chifukwa kalata yake inali yosadinda, thiransipoti yonse ija kupita pachabe. Achinyamata dzerani ku ofesi ya achinyamata kuti mudziwikenso ku National Youth Council. Alimi mukalembetse ngati koparetivi, zimenezi zili pansi pa unduna wa zamalonda. Asodzi a ku Malombe ndi ku Msaka, BVC yanu, komiti ya pa doko ija, ndi ofesi ya Fisheries ndiye khomo lanu. Za NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO, zisakuthamangitseni, zimenezo ndi za mabungwe omwe akula kale ndipo zili ndi mafizi ake.

Akaunti ya ku banki ikhale m'dzina la gulu, osayinira atatu, ndipo chonde asakhale bambo ndi mkazi wake kuphatikizapo mlamu. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya tcheyamani si akaunti ya gulu, ngakhale tcheyamaniyo atakhala shehe kapena mkulu wa mpingo.

Tsopano ndalama zake ndi ziti, chifukwa apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, yomwe mu bajeti ya 2024/25 inafika K200 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse, komanso DDF, thumba la chitukuko la khonsolo, ndi za GESD, pulojekiti yothandiza makhonsolo ndi ndalama zochokera ku World Bank, sizibwera m'manja mwanu ngati kashi ayi, zimabwera ngati mjigo, buloko ya sukulu kapena kamlatho, inu ntchito yanu ndi kukankha kuti pulojekiti yanu isankhidwe. AGCOM, pulojekiti ya boma yotukula ulimi wa bizinesi, ndiye imapereka ndalama ku makoparetivi koma pamafunika kuti nanunso musonkhe gawo lanu, m'chigawo choyamba cha pulojekitiyi zinali 30 pa 100 iliyonse, ina ndalama ina zinthu ngati njerwa ndi mchenga. Za NEEF, thumba la boma lobwereketsa ndalama, ndi ngongole, ndibwerezenso, ndi ngongole, mudzabweza ndi chiwongoladzanja chake, musadzati sindinanene.

Polemba pulopozo musadzivute ndi Chingerezi chakumwamba. Nenani vuto, anthu angati likuwakhudza, amayi angati abambo angati, muchita chiyani ndipo zidya ndalama zingati. Kungolemba kuti ana athu akuvutika si nambala, werengani anawo mu kaundula wanu. Pa bajeti ndiye dekhani, yendani m'mashopu atatu mutenge makotesheni olembedwa, ndipo musaiwale thiransipoti. Ife ulendo woyamba tinalemba mtengo wa simenti ndi malata bwinobwino koma tinaiwala kuti katunduyo sakwera yekha phiri la ku Chowe, mapeto ake tinasonkherana za m'thumba kulipira lole, ena mpaka kugulitsa mbuzi, ndipo amayi a m'gulu sanandiyankhule bwino kwa mwezi. Mitengo ikusinthanso kawirikawiri masiku ano ndiye lembani tsiku lomwe mwatenga kotesheniyo. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April, choncho kukankha kwenikweni kuchitike miyezi ya m'mbuyo bajeti isanatsekedwe.

Wina akabwera ndi kachikwama n'kumati perekani K20,000 aliyense ndikulowetseni pa mndandanda, muuzeni akuonetseni ofesi yake ndipo mukafunse kwa a DC kaye musanatulutse ngakhale kobiri.

Zikatheka ndalama zalowa, gulani hadikava imodzi ndi guluu, lisiti lililonse muzimata tsiku lomwelo n'kulemba pambali kuti zinagula chiyani. Wakabaza alibe lisiti, ndiye alembe dzina lake asayine kapena adinde chala. Jambulaninso pa foni chifukwa timalisiti ta makina tija timafufutika ndi kutentha kwa kuno, pofika Okutobala mumangopeza kapepala koyera. Lipoti muziwerenga pagulu pamaso pa amfumu musanalipititse ku khonsolo, koma msonkhano wake musauike Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti, mukhala nokha ndi mipando.