Volebo ku sekondale: yambani ndi kulandira mpira, kusimasha kudikire

Ana ambiri a Fomu 1 akangolowa m'timu ya volebo amathamangira kusimasha, komwe ndi kudumpha n'kumenya mpira mwamphamvu kuti ukagwere mbali ya timu inayo. Koma timu imaloledwa kugunda mpira katatu kokha isanaubweze, ndipo kugunda koyamba kukalakwika, seta, amene amakwezera wosimasha mpira, amasowa chochita, wosimasha n'kungodumpha pachabe. Teremu yoyamba yonse ithere pa kulandira mpira.

Bwalo ndi la mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi. Ukonde umakwera mamita 2.43 kwa anyamata, 2.24 kwa atsikana. Ngati bwalo lanu ndi ladothi, tolani miyala ndi kukwirira maenje musanayambe. Mpira wa volebo umalemera magalamu 260 mpaka 280. Musabwereke wa miyendo: umapitirira magalamu 400, umapweteka, ndipo mwana amazolowera kuuthawa.

Polandira mpira, imani motangadza pang'ono kuposa mapewa, phazi lina patsogolo, mawondo opinda, zidendene zisalemere pansi. Ikani chikhatho china pamwamba pa chinzake, zala zazikulu zigundane m'mbali, koma musapingase zala. Wongolani zigongono kuti mikono ikhale ngati thabwa limodzi. Mpira ugunde pamwamba pang'ono pa pomwe mumavala wotchi. Mphamvu ichokere m'miyendo pamene mukudzuka, mikono ingolozera kumene kuli seta, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa ukonde.

Mpira womwewo ndiwo umakuuzani cholakwika. Ukapita kumbuyo kwa mutu wanu, ndiye kuti mwaponya mikono kupitirira mapewa, kapena mwaulola kufika pafupi kwambiri ndi chifuwa. Ukathawira kumbali, wagunda mkono umodzi, kawirikawiri chifukwa munautambasulira mikono m'malo mosuntha mapazi n'kuima kumbuyo kwake. Ukagunda zala zazikulu umapita komwe wafuna. Zambiri mwa zolakwazi gwero lake ndi ulesi wa miyendo, mikono imangonamiziridwa.

Pophunzira panokha, jambulani mzere pakhoma pamtunda wa mamita atatu, muime mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhomapo, mugunde mpira maulendo 50 ukudutsa mzerewo. Kenako khalani atatu: wina aziseva (kumenya mpira woyambira kuti uoloke ukonde), inu muzilandira, wachitatu aime pamalo a seta. Pa mipira 10 iliyonse, werengani imene yam'fika asanasunthe kuposa phazi limodzi, mulembe m'kope. Kopelo ndi lofunika, pakuti tsiku limene mwasewera moipa mudzaganiza kuti palibe chikusintha, koma manambala a mwezi wathawo adzakutsutsani. Mikono imafiira masabata oyamba, zimatha zokha. Ululu wobaya m'bondo kapena m'kakolo ndi nkhani ina: imani, uzani aphunzitsi. Akakolo amabinyika kwambiri munthu akatera pa phazi la mnzake pansi pa ukonde.

Mpira wogwera pakati pa anthu awiri amene akuyang'anana ndi pointi yopweteka kuposa zonse. Fuulani kuti "Wanga!" mpira usanadutse ukonde, ndipo amene wayamba kufuula ndiye mwini wake, winayo apatuke. Mukaona kuti ukutuluka, muuzeni mnzanu kuti "Kunja!" Aphunzitsi akhazikitse lamulo loti pa maphunziro, mpira wolandiridwa mwakachetechete usawerengedwe ngakhale utafika bwino. Mwana wamanyazi amavutika nalo poyamba, koma akazolowera kunena kuti "wanga" pamaso pa anzake, amazoloweranso kuvomera mpirawo ukamulaka.

Chiyambire 1999, cholakwa chilichonse chimapatsa timu inayo pointi, ndipo seti, chomwe ndi chigawo chimodzi cha masewero, imatha pa mapointi 25 (yachisanu pa 15), wopambana atatsogola ndi awiri. Nthawi yonyinyirika palibe: wezulo ikalira, woseva ali ndi masekondi 8 okha, ndipo ngati ndi wochenjera adzalunjikanso kwa yemwe wangolakwitsa kumene. Konzekeranitu zochita. Pumani mpweya kamodzi, tchulani mumtima chimene chalakwika ndi liwu limodzi, monga "mapazi", gundanani manja ndi anzanu, mubwerere pamalo anu mawondo atapinda kale. Mnzanu akalakwitsa musamuyang'ane ndi diso lofiira. Mantha amaumitsa mikono, ndipo mpira wotsatira ukubweranso kwa iye.

Osewera asanu ndi mmodzi amasinthana malo motsata mmene mivi ya wotchi imayendera, choncho ngakhale wamtali amafika mzere wakumbuyo kumene ayenera kulandira. Wamfupi naye asadzikayikire. Kuyambira 1998 pali libero, wovala jezi yosiyana ndi anzake, amene ntchito yake yaikulu ndi kulandira ndi kuteteza kumbuyo.

Katatu pa sabata, ola limodzi ndi theka, n'kokwanira, mphindi 10 zoyamba zikhale zotenthetsa thupi. A Fomu 2 ndi Fomu 4 agwirizane ndi aphunzitsi teremu ikamayamba za masiku amene adzachepetse masewero pokonzekera JCE ndi MSCE, kuti wolowa m'malo mwawo akhale ataphunzitsidwa kale.