Kukhoma masipika a active kunyumba: gulani maiki kaye musanagule twita yodula

Aliyense akafika pakhomo panga kuno ku Katoto nkumva masipika awa akulira, funso limakhala lomwe lija, achimwene munagula kuti amenewa, ku Joni kapena ku Dar? Sindinagule ayi, mabokosi tinakhoma ndi kalipentala wa ku Chibavi, zamkatizo ndinayitanitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo chimene chikuwapangitsa kumveka chonchi si mtengo wa zipangizo koma kuyeza. Ndiye ndati ndifotokoze m'mene ndimachitira, mwina wina zimuthandize asaononge ndalama.

Choyamba timvane za crossover. Wufa, sipika yaikulu ya bezi ija, siitha mawu opyapyala aja a zinganga ndi ma "s" a woyimba, twita nayo, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyalawo, ukaipatsa bezi imapsa pompo, ndiye pamafunika chogawa, chimene ndi crossover, kuti aliyense alandire mbali yake. M'masipika ogula m'shopu chogawacho ndi makoyilo ndi makapasita amene ali mkati mwa bokosi, pambuyo pa ampu (ampulifaya), imeneyo ndi passive. Vuto lake ukafuna kusintha ngakhale kanthu kakang'ono uyenera kumasula bokosi, kusungunula soda yowotcherera mawaya, kenako kuyamba kusaka koyilo ya saizi ina imene pa Mzuzu pano uzungulira msika wonse osaipeza. Ya active kugawa kumachitika nyimbo isanalowe mu ampu, mu kabokosi kotchedwa DSP, ndipo wufa iliyonse ndi twita iliyonse imakhala ndi tchanelo yakeyake ya ampu. Kutanthauza kuti masipika awiri a two-way, a wufa imodzi ndi twita imodzi m'bokosi lililonse, akufuna matchanelo anayi. Mukafuna kusintha mumangotsegula laputopu nkusintha nambala basi, muli khale pampando.

DSP imene ine ndimagwiritsa ndi miniDSP 2x4 HD, imalowetsa awiri nkutulutsa anayi, ndendende zimene two-way ikufuna, komanso imadya 12V ndiye kwa amene muli ndi batire la sola zimakhala zosavuta. Amene mumayimbitsa m'maukwati ndi m'matchalitchi mumaidziwa kale Behringer DCX2496 kapena dbx DriveRack, nazonso zimagwira ntchito yomweyi, kungoti zimatulutsa mphamvu yochuluka ya PA ndiye mukalumikiza ku ampu ya kunyumba osatsitsa gain, mphamvu ya mawu otuluka, mumva twita ikuti tsiii usiku wonse. Kwa amene thumba lavuta pali timabodi ta ADAU1701 totchipa, timatchunidwa ndi SigmaStudio, koma pamafunika kudekha kuti muizolowere. Ku mbali ya ampu mabodi awiri a class D akwanira, TPA3255 ngati muli ndi pawa sapulai yabwino ya 36V kapena 48V, apo ayi TPA3116 imene imalira ngakhale pa 12V mpaka 24V.

Koma chimene ndikukupemphani ndi ichi, ngati ndalama sizikukwana zonse, chepetsani pa twita koma maiki yoyezera musaisiye. Ine ndili ndi UMIK-1, imalowa pa USB, ndipo iliyonse ili ndi fayilo yake ya calibration, yowongola zolakwika za maikiyo poyeza, imene mumatsitsa polemba serial number yake. Pulogalamu yoyezera ndi REW, yaulere, anailemba John Mulcahy. Popanda ziwirizi DSP yanu ndi chimodzimodzi kuyendetsa galimoto mu nkhungu ya ku Chikangawa magetsi ali ozima. Khutu limazolowera msanga abale, ukamvera chinthu chopotoka kwa masiku atatu limayamba kukuuza kuti zili bwino.

Za bokosi tsopano. Musayambe kudula thabwa musanaone manambala atatu ofotokoza khalidwe la wufa yanu, Fs (mlingo wa Hz umene imanjenjemera mosavuta), Qts ndi Vas, amene amatchedwa Thiele-Small potengera mayina a Neville Thiele ndi Richard Small. Mukawalowetsa mu WinISD kapena VituixCAD, zonse zaulere, zikuuzani kuti bokosi likhale malita angati ndipo paipi yotulutsira mpweya m'bokosi ikhale yotalika bwanji. Qts ikakhala pansi pa 0.4 nthawi zambiri wufayo imakonda bokosi la paipi, ikakwera kupitirira apo ganizirani lotseka. Wufa yopanda manambala, ija yongolembedwa mawatsi ambirimbiri pa sitika, isiyeni pokhapokha ngati mukudziwa kuiyeza nokha. Yanga ndi ya mainchesi 6.5, bokosi la malita pafupifupi 17, paipi ndinaitchuna cha pa 45 Hz.

Anthu ambiri amathamangira MDF chifukwa ndi imene amaona pa YouTube, koma iwowo sakhala ku Mzuzu. Kuno chinyontho chake mukuchidziwa, mvula imagwa mpaka April, June ndi July kamvula kowaza kaja zovala osauma pa chingwe, MDF ikangomwa madzi m'mphepete imafufuma ngati buledi ndipo siibwereranso. Ine ndinasankha plywood ya 18 mm, ndipo tili ndi mwayi poti plywood imapangidwa pafupi pompano ku Chikangawa, kungoti posankha yang'anani m'mbali mwake isakhale ndi mabowo pakati pa timagawo. Ngati mwakakamira MDF pakani vanishi kapena penti mkati ndi kunja komwe, makamaka modulamo. Muuzeni kalipentala kuti ili si kabati, guluu apake paliponse polumikiza, mpweya usatulukire pena paliponse kupatula pa paipi, ndipo mkati muyike timitengo topingasa kugwira makoma awiri oyang'anizana. Mukagogoda ndi chala lizimveka kuti gu osati ngati ng'oma. Twita ilowe m'thabwa ifanane ndi nkhope ya bokosi, ikatumphuka pamwamba mudzaiona pa graph ikupanga timapiri. Mkati yalani fiber ija ya m'mapilo koma osatseka kukamwa kwa paipi.

Musanalumikize twita ku ampu, ikani kapasita pa waya wake wa positive. Apa ndikunena ndi mtima wonse chifukwa zinandionekera. Tsiku lina madzulo magetsi anathima ndikumvera nyimbo, ndinatuluka osazimitsa kanthu, atabwerera cha m'ma 9 zonse zinayaka nthawi imodzi, ndinangomva kuti phu kuchokera kuchipinda, mawa lake twita ya kumanzere ili zii, kununkhiza pafupi kafungo ka waya wopsa. Ndinadikira miyezi iwiri kuti ina ifike. Mu active twita ilibe choitchinga chilichonse pakati pa iyo ndi ampu, ndiye DSP ikadzuka mochedwa kapena mukalakwitsa waya, bezi yonse imathera mwa iyo. Kapasita ya 33 uF yopanda polarity (yopanda mbali ya + ndi -) pa twita ya 6 ohms imayamba kudula mawu otsika cha pa 800 Hz, kutali ndi pamene mukugawira ndiye siisokoneza kwenikweni, koma imapulumutsa. Ndipo zolowerani, ampu imayaka pomaliza nkuzima poyamba, magetsi akathima pitani mukazimitse pakhoma.

Poyeza ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mumayeza wufa payokha, twita payokha, zili kale m'bokosi lake, crossover musanayike. M'nyumba mawu amagunda pansi ndi makoma nkubwerera mu maiki, ndiye ine ndimatulutsa sipika panja m'mawa kwambiri kabaza asanayambe kudutsa ndiponso mphepo isanadzuke, ndimaikweza pa tebulo kuti twita ikhale mamita 1.2 kuchokera pansi, maiki mita imodzi kutsogolo kwake moyang'anizana ndi twita. Mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi, ndiye obwerera kuchokera pansi amayenda mamita 2.6 pamene olunjika ayenda imodzi yokha, amachedwa ndi 4.7 ms. Mu REW mumayika window, nthawi ya mawu imene pulogalamu iwerengere, ithere pa 4.5 ms kuti obwererawo asalowe, ndipo zimene mukuona pa graph kuyambira cha pa 250 Hz kukwera ndi za sipika yeniyeni osati za bwalo lanu. Za pansi pa apo yezani maiki itayandikira pafupifupi kukhudza wufa. Mvula ikamagwa pa malata musavutike nkomwe, dikirani ikate. Twita iyezeni volume ili pansi ndipo sweep, kulira koyezera kumene REW imatulutsa, iyambire pa 1000 Hz, osati pa 20.

Mukaona graph ya wufa mudabwa kuti bezi ikuoneka yochepa kuposa mawu apakati, ngati sitepe. Si kuti wufa ndi yoipa. Mawu otsika amazungulira bokosi kupita kumbuyo pamene okwera amapita kutsogolo kokha, kusiyana kwake kumafika 6 dB, amati baffle step. Pakati pa sitepeyo mumapapeza pogawa 115 ndi m'lifupi mwa bokosi m'mamita, langa ndi 23 cm ndiye 115 kugawa ndi 0.23 ikupereka 500 Hz. Pamenepo mu DSP ikani fyuluta ya shelf yotsitsa za pamwamba, ine ndinatsitsa 4 dB osati 6 yonse chifukwa masipika ali pafupi ndi khoma ndipo khomalo limabweza ina. Ngati wufa ili ndi kaphiri kosongoka cha pa 4000 kapena 5000 Hz, makamaka zija za aluminiyamu, kadulenso ndi PEQ, fyuluta ya mu DSP yokhudza malo amodzi okha, ngakhale kali pamwamba pa pogawira, mukakasiya kamamveka kolasa m'khutu.

Pogawira pake sankhani pamene onse awiri ali omasuka. Twita isatsike pansi pa Fs yake kuwirikiza kawiri, wufa ya 6.5 nayo ikapitirira 2500 Hz imayamba kuponya mawu kutsogolo kokha ngati tochi, wokhala pambali samva chimodzimodzi. Ine ndinagawira pa 2200 Hz. Fyuluta yake sankhani LR24, imeneyi ndi Linkwitz-Riley, ya Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley amene ankagwira ntchito ku Hewlett-Packard ndipo Linkwitz anailemba mu 1976. Imadula 24 dB pa octave (octave ndi pamene ma Hz awirikiza kawiri), pogawira penipeni aliyense amatsika 6 dB ndipo akaphatikizana mzere umakhala wowongoka. Koma apa ndi pamene ambiri amaphonya, kusankha LR24 pa menu sikutanthauza kuti mawu otuluka ali LR24 ayi, chifukwa wufa ndi twita zili kale ndi kupendama kwake. Wongolani kaye aliyense ndi EQ mpaka octave imodzi kudutsa pogawirapo, kenako fyuluta, kenako yezaninso muone ngati zatsatira. Twita nthawi zambiri imakhala yaphokoso kuposa wufa, itsitseni pa gain mpaka mizere ikumane.

Chotsatira ndi delay, kuchedwetsa mawu a twita pang'ono, ndipo ichi ndiye chimandisangalatsa kwambiri mu active. Mawu a wufa amachokera mkati mwa dzenje lake, masentimita awiri kapena atatu kumbuyo kwa twita, ndiye a twita amafika msanga. Sentimita imodzi ndi pafupifupi 0.03 ms. M'malo molota, tembenuzani polarity (+ ndi -) ya twita mu DSP, yezani onse awiri pamodzi, muona dzenje pa graph pa 2200 Hz. Onjezerani delay ya twita pang'onopang'ono, 0.02, 0.04, 0.06, mukuyeza ulendo uliwonse, dzenjelo lizinka lizama, pamene lazamitsitsa imani, bwezerani polarity. Kwa ine zinakhala pa 0.07 ms. Nditabwezera nkuyika nyimbo ya kwaya, mawu a wotsogolera anachoka m'mabokosi nkudzaima pakati penipeni pamwamba pa TV, mayi akunyumba anali kukhitchini anatuluka ndi chipande m'manja kudzaona ngati kwabwera mlendo. Ngati delay ikufuna kupitirira 0.2 ms ndiye mwina mwalumpha funde lathunthu kapena waya wina mwatembenuza, bwererani muone.

Ku bezi musaiwale high-pass, fyuluta yodula mawu otsikitsitsa, cha pa 35 Hz ngati bokosi ndi la paipi, chifukwa pansi pa pamene munatchunira paipi wufa imangovina yopanda choigwira ndipo ikhoza kung'ambika, ikaninso limiter yoletsa volume kupitirira malire makamaka ngati pakhomo pali ana okonda kupotokola volume.

Mukamaliza sipika imodzi koperani zonse ku inzake, lowetsani m'nyumba, twita ikhale pa msinkhu wa khutu mutakhala pansi, mtunda wa pakati pa masipika ufanane ndi wochokera pa sipika kufika pa mpando wanu. Nyumba zathu za simenti pansi ndi makoma a njerwa zimabweza mawu kwambiri, kapeti kapena mkeka pakati ndi makatani olemera zimathandiza kuposa EQ iliyonse. Yezaninso muli pa mpandopo, muona phiri lalikulu ku bezi, limenelo ndi la chipinda, mumalipeza pogawa 343 ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri, changa ndi mamita 4 ndiye limakhala cha pa 43 Hz. Mapiri otere adulani ndi PEQ yopyapyala, koma maenje musawakweze, mungotenthetsa ampu pachabe dzenje lili pomwepo, bola kusuntha mpando kapena sipika masentimita 30 nkuyezanso. Pamwamba pa 300 Hz ine sindikhudzanso, zija ndinayeza panja ndi zomwezo. Mukamva kulira kwa huuu kosalekeza ndi 50 Hz ya magetsi, lumikizani DSP, maampu ndi laputopu pa extension imodzi, zikapitirira chotsani chaja ya laputopu muone ngati si imeneyo. Ndipo fayilo ya settings isungeni pa flash ndi pa foni pomwe, muilembe deti, kuti mukadzasokoneza Loweruka lina mudzakhale ndi pobwerera.