Momwe mungakonzere njira yotetezeka ya njinga yopita kusukulu, kuchipatala ndi kumsika

Anthu ambiri amene ali ndi njinga koma amazisiya pakhomo akamapita kuchipatala, kusukulu, kumsika kapena kubwalo la masewero sachita zimenezi chifukwa cha kutalika kwa mtunda ayi, koma chifukwa cha malo amodzi kapena awiri panjirapo amene amawachititsa nthumanzi. Mantha awowo ali ndi maziko, pakuti lipoti la mu 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Ine ndinakhalapo m'komiti ya anthu okhala moyandikana imene inagwira ntchito yokonza njira yotereyi, ndipo zimene ndalemba pano ndi ndondomeko imene tinatsata, kuphatikizapo pamene tinapunthwa. Zosankha komiti ndi kusunga mabuku a ndalama sindizifotokoza, poti aliyense amene anakhalapo pamsonkhano amazidziwa.

Choyamba, jambulani mapu a dera lanu papepala lalikulu, muikepo malo onse amene anthu amapitako kawirikawiri, kenako mutenge njinga mupalase njira zonsezo nokha. Musapalase masana msewu uli zii, koma m'mawa ana akupita kusukulu ndiponso madzulo kukuyamba kuda, ndipo mutengane ndi mwana wa zaka khumi kapena munthu wachikulire, chifukwa pamene inu mungadutse osaganiza n'komwe, iwo adzatsika n'kuyamba kukankha njinga. Paliponse pamene atsikapo, ikani chizindikiro pamapu. Muonenso tinjira tachidule timene anthu anapanga kale ndi mapazi ndi matayala awo, chifukwa timeneti timakuuzani kumene anthu amafuna kudzera, ndipo njira yokongola imene imazungulira kutali sadzaigwiritsa ntchito ngakhale mutaikometsera chotani.

Mukatero, khalani pamalo amodzi kwa ola lathunthu m'mawa ndi ola lina madzulo, kwa masiku atatu kapena anayi, mukuwerenga njinga, oyenda pansi, magalimoto ang'onoang'ono ndi malole, gulu lililonse palokha. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha, koma manambala amenewa ndi amene adzakulankhulireni pamaso pa akuluakulu oyang'anira misewu. Fufuzani kuti msewuwo uli m'manja mwa ndani, kaya ndi khonsolo kapena nthambi ya boma, muwalembere kalata yokhala ndi mapu ndi manambala aja, ndipo musathire penti kapena kukumba paliponse chilolezo cholembedwa chisanatuluke. Pemphani kuti injiniya wawo abwere adzayende nanu njirayo, makamaka panjinga ngati angavomere.

Chachitatu ndi kusankha mtundu wa njira, ndipo chimene chimalamula apa ndi liwiro la magalimoto pamodzi ndi kuchuluka kwake. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita oposa 8 pa sekondi imodzi, pamene yothamanga makilomita 50 imayenda pafupifupi mamita 14, kutanthauza kuti dalaivala asanaponde n'komwe buleki, galimotoyo imakhala itapita kale patali. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene galimoto imagundira munthu imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za mayiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu umene unachitikira ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 2020 unalimbikitsa kuti pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi ndi opalasa njinga, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Choncho m'misewu ing'onoing'ono ya m'kati mwa nyumba za anthu, kuchepetsa liwiro ndi mahampu kungakhale kokwanira, koma pamsewu waukulu wodutsa malole pamafunika kulekanitsa njinga ndi magalimoto ndi chinthu chooneka ndi chogwirika, monga mzere wa konkire wokwera pang'ono kapena mizati. Mzere wa penti pawokha suletsa tayala la galimoto, ndipo nthawi zambiri umangosanduka malo oimikapo magalimoto. M'lifupi mwa njira yopita mbali imodzi musachepere mita imodzi ndi theka, ndipo ngati malo alipo fikitsani mamita awiri, kuti wonyamula katundu kapena mwana kumbuyo asamachite kupanikizika wina akamamupitirira.

Tsopano ndifike pamene ife tinalakwitsa, ndipo apa ndichedwapo. Titaona kuti ndalama ndi zochepa, tinagwirizana zoyambira gawo lowongoka la msewu, kumene ntchito inali yosavuta ndiponso yooneka msanga, n'kusiya mphambano yaikulu ya pafupi ndi sukulu kuti tidzaiona m'tsogolo. Njira yathu inali yosalala bwino, yolekanitsidwa ndi konkire, koma inkathera mamita ochepa munthu asanafike pamphambanopo, ndipo wopalasa ankangozindikira kuti ali pakati pa magalimoto okhota. Choipa kwambiri n'chakuti njira yatsopanoyo inakopa ana amene kale sankapalasa, ndipo inawapatsa chidaliro ndi liwiro, kenako n'kuwatula pamalo oopsa kuposa onse. Tsiku lina m'mawa ndikuwerenga njinga, ndinaona mtsikana wina wa sukulu, chikwama chili kumsana, akufika pamphambanopo limodzi ndi lole imene inkakhotera mbali yake. Mutu wa lole unadutsa bwinobwino, koma matayala akumbuyo anadula ngodya monga amachitira nthawi zonse, ndipo mwanayo anadumphira m'ngalande njinga n'kuisiya. Tayala lakutsogolo la njingayo linapindika ngati nambala 8, ndipo dalaivala, amene anaima atamva kukuwa kwa anthu, analumbira kuti sanamuone n'komwe. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa pambali pa lole pali malo amene dalaivala saona ngakhale atayang'ana pagalasi.

Zimene tinachita pambuyo pake ndi zimene tinayenera kuyambira. Injiniya anatilangiza kuti tipanikize ngodya ya mphambanoyo, chifukwa ngodya yotambasuka imalola galimoto kukhota osachepetsa liwiro, pamene yopanikiza imakakamiza dalaivala kutsitsa giya ndi kutembenuza khosi. Tinayamba tayesa ndi migolo yodzaza mchenga kwa milungu ingapo, kuti tione ngati malole ndi ambulansi zingathe kukhota, ndipo tinaisuntha kawiri tisanathire konkire. Njira yoyesera imeneyi ndikuilimbikitsa kwambiri, pakuti mgolo mungausunthe mawa koma konkire ikauma yauma. Kenako powolokera tinapakweza kuti pafanane ndi njira ya njinga, kotero kuti galimoto ndi imene imakwera chitunda, osati njinga kutsikira mumsewu, ndipo powolokerapo tinapabweza m'mbuyo pafupifupi mamita asanu kuchokera pangodya, utali wa galimoto imodzi, kuti dalaivala azikumana ndi wopalasa atamaliza kale kukhota ndipo akumuona kutsogolo kwake, osati m'mbali. Tinadulanso mpanda wa maluwa ndi kusuntha chikwangwani cha malonda chimene chinkatchinga maso, ndipo akuluakulu a misewu analetsa kuimika magalimoto pafupi ndi ngodyayo. Ntchito ya pamphambano imodziyi inadya ndalama zochuluka kuposa gawo lonse lowongoka lija, ndipo ena m'komiti anang'ung'udza, koma ndi pamene makolo anayamba kulola ana awo kupalasa okha.

Choncho inu yambirani pamalo oipitsitsa a pamapu anu, ndipo ngati ndalama sizikukwanira kukonza mphambano, ndi bwino kudikira kusiyana ndi kumanga njira imene imathera m'malere. Mzinda wa Seville ku Spain umatchulidwa kawirikawiri pankhani imeneyi chifukwa kuyambira mu 2006 unamanga makilomita pafupifupi 80 a njira za njinga m'kanthawi kochepa, ndipo chimene chinachulukitsa opalasa sichinali kutalika kokha ayi, koma kuti njirazo zinali zolumikizana ndi zolekanitsidwa ndi magalimoto, munthu n'kuchoka kwawo mpaka kumene akupita osatayidwa panjira. Inu simungamange makilomita 80, koma kilomita imodzi yosaduka ndi yotheka.

Ndinenepo za penti, poti nayonso inatipweteka. Munthu wina anabwera ndi zitini zolembedwa kuti ndi penti ya pamsewu, pamtengo wotsika ndi theka poyerekeza ndi ogulitsa ena, ndipo tinagula mosangalala popanda lisiti. Mvula itagwa kangapo, mizere yonse inafufutika, ndipo wogulitsa uja foni yake sinkapezekanso. Penti yeniyeni ya pamsewu imauma msanga ndipo imawazidwa timikanda tagalasi ikadali yaiwisi, timene timabweza kuwala kwa nyali za galimoto usiku. Musanagule zambiri, pentani kachigawo kakang'ono, mukaone usiku ndi tochi, ndipo mupemphe wogulitsayo akusonyezeni msewu umene penti yake yakhalapo chaka chathunthu. Chimodzimodzinso ndi kontilakitala wa konkire, muziwerenga nokha matumba a simenti amene akutsegulidwa, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire mpaka ntchito itaonedwa ndi injiniya. Mahampu nawo asakhale akuthwa ngati mzere wa m'munda, chifukwa oterowo amagwetsa opalasa ndi kuvutitsa ambulansi, koma akhale otambalala ndi otsetsereka pang'onopang'ono.

Zotsalazo n'zosavuta. Madzi amvula amathamangira m'mphepete mwa msewu, kumene kuli njira ya njinga, choncho siyani mipata m'konkire kuti madzi azituluka, ndipo zitsulo zovundikira ngalande ziikidwe mopingasa kuti tayala lisalowe pakati pake. Kumalo kumene anthu akupitako kukhale poimika njinga pafupi ndi khomo, pamalo oonekera, ndipo chitsulo chabwino ndi chija chopindidwa ngati chilembo cha U chozondoka, chozikidwa m'konkire, chotalikirana ndi chinzake pafupifupi mita imodzi, chimene munthu amakhomerapo felemu ndi tayala pamodzi. Zija zogwira tayala lakutsogolo lokha zimapinda masipoko ndipo wakuba amangomasula tayalalo n'kunyamula njinga yonse, choncho musataye nazo ndalama ngakhale wowotcherera atakuuzani kuti n'zotchipa.

Nyali ziyambire pamphambano ndi powolokera, kwina kudzatsatira. Gwirizanani za amene azisesa mchenga ndi magalasi osweka, azidula nthambi ndi kukanena za maenje, chifukwa njira yodzaza mchenga imabwezera opalasa mumsewu. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, bwererani pamalo aja munkawerengera, pa ola lomwe lija, muwerengenso, ndipo nthawi ino mulembe padera ana ndi amayi, kenako mutumize manambalawo kwa injiniya uja pamodzi ndi pempho la mphambano yotsatira.