Kulowa unamwino ku America uli kale ndi digiri ina

Digiri yanga yoyamba inali ya zaulimi, koma unamwino ndinaumaliza m'miyezi 16 pa pulogalamu ya ABSN, maphunziro achangu a digiri ya unamwino a anthu amene ali kale ndi digiri ina. Musathamangire fomu yofunsira malo ayi. Yambani mwakhoza anatomy, physiology, microbiology ndi statistics. Ine ndinakaphunzira ku community college (koleji ya m'dera ya maphunziro a zaka ziwiri) poti n'kotchipa. Ngati digiri munaipeza kunja kwa America, tumizani mapepala ku WES (bungwe lounika mapepala a maphunziro akunja) msanga, amatenga masabata kuwaunika. Sukulu zambiri zimafuna GPA (avareji ya magiredi anu) ya 3.0, zina mayeso olowera a TEAS, ndipo fomu zina zimadzera pa NursingCAS, webusayiti yofunsira malo m'sukulu za unamwino. M'kalata yanu yofunsira malo fotokozani za odwala amene munawasamalirapo. Sunganitu ndalama, chifukwa ganyu simudzaikwanitsa; tsiku lonse limathera m'kalasi ndi m'wodi. Mukamaliza mudzalemba mayeso a NCLEX-RN kuti mupeze laisensi.