Pa Lamulungu la masika, musalumphe vesi ya Mwaramu

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mipingo yambiri imakonza Lamulungu la masika. Amayi amabwera atasenza madengu, anyamata akukankha njinga za matumba, wina nkhuku ili m'khwapa, ndipo wolalikira amakonda kutsegula Deuteronomo 26. Ndime yake ndi yoyeneradi. Koma pa vesi 5 ambiri timadutsa ngati tikuponda makala a moto. Pamenepo wobwera ndi zipatso zoyamba ankayenera kunena pamaso pa Mulungu kuti kholo lake linali Mwaramu (munthu wa ku Aramu) woyendayenda. Ndikulembera inu alaliki, akulu ampingo, aphunzitsi a Sande sukulu ndi otsogolera miphakati, kuti chaka chino muime pa vesi imeneyi ndi kuifotokoza.

Ntchito yoyamba muichitire kunyumba. Onani momwe Baibulo lanu lalembera dzinali, chifukwa ena amati Aramu, ena amati Siriya. Kusiyanaku n'kwakale: amene anamasulira malemba achiheberi m'Chigiriki ankalemba Siriya pamene Chiheberi chikuti Aramu. M'chinenero chathu vuto limakula, popeza anthu a ku Siriya tikawatchula ambiri timati Asiriya, chimodzimodzi dzina la ufumu wina, wa Asuri, umene likulu lake linadzakhala Nineve. Ndinamvapo mlaliki wina akunyamula Namani kukamuika ku Nineve, mpingo n'kumavomera ndi Ameni wamphamvu. Namani anali kazembe wankhondo wa ufumu wa Damasiko, ndipo a ku Asuri ndiwo anadzaphwasula mzindawo. Pophunzitsa sankhani mayina awiri osafanana, Aaramu ndi Asuri, muwagwiritse mpaka kumaliza.

Kenako bwererani ku Genesis, ndipo apa musafulumire. Pa Genesis 25:20 Rebeka akutchedwa mwana wa Betuele Mwaramu wa ku Padanaramu, mlongo wa Labani Mwaramu. Dera limeneli ndi la kufupi ndi Harani, kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey wa lero. Ndiko Abrahamu anatuma wantchito wake kukapezera Isake mkazi, ndipo ndiko Yakobo anathawira atamuchenjerera Esau. Gwiritsani mawu athu a chibale, mudzaona nkhope za anthu zikusintha. Labani anali malume a Yakobo. Leya ndi Rakele anali asuweni ake. Yakobo anakakhala kwa apongozi ake zaka 20, zaka 14 kugwirira akazi ndi 6 kugwirira ziweto, malipiro akumusinthira kakhumi. Atathawa ndi banja lake, Labani anamulondola n'kumuuza kuti ana aakaziwa ndi anga, zidzukuluzi ndi zanga, ziwetozi ndi zanga. Aliyense amene anakhalapo pa chikamwini mawu amenewo akuwadziwa. Chenjerani pokha kuti musawasandutse Aisraele Achewa: iwo mtundu ankawerengera kuchimuna. Fanizoli ndi lotsegulira khomo chabe.

Mfundo yake ndi yakuti amayi a mtundu wa Israele, Rebeka, Leya ndi Rakele, anachokera m'nyumba ya Aaramu, ndipo ana onse a Yakobo kupatula Benjamini anabadwira kumeneko.

Ngati muli ndi ana, achititseni Genesis 31:47. Aunjike miyala pakati pa bwalo. Mmodzi akhale Labani, atchule muluwo Yegara-sahaduta. Wina akhale Yakobo, autche Galeeda. Mayina onsewa akutanthauza mulu wa umboni, loyamba m'Chiaramu, lachiwiri m'Chiheberi. Malume ndi mwana wa mlongo wake aima pa mulu umodzi, aliyense ndi chinenero chake, akupangana kuti wina asadzadutse malirewo kukachita mnzake choipa. Atatero anadyera pamodzi.

Tsopano mutha kufika pa dengu lija. M'Chiheberi mawu oyamba a wopereka pa vesi 5 ndi atatu okha: arami oved avi. Liwu lapakatilo limanena chinthu chosokera kapena chotsala pang'ono kutayika, ndipo malemba amaligwiritsanso ntchito pa nkhosa yosochera. Owerenga ambiri amati Mwaramuyo ndi Yakobo, popeza vesiyo ikupitiriza kuti anatsikira ku Ejipito ali ndi anthu ochepa. Ena mwa aphunzitsi achiyuda akale ankati ndi Abrahamu. M'mwambo wa chakudya cha Paska, Ayuda amawerenga mawu omwewa mwanjira ina, kuti Mwaramu anafuna kuwononga kholo langa, kutanthauza Labani. Wina akakufunsani, muuzeni kuti mamvedwe onsewa alipo. Ine ndimatsata la Yakobo, chifukwa ndi limene likugwirizana ndi zimene mlimi uja akuchita. Waima ndi zokolola za m'munda wake, pa nthaka yake, koma pakamwa pake akuvomera kuti agogo ake analibe ngakhale ndime imodzi.

Tsatani dongosolo la ndimeyo momwe lilili. Wansembe amalandira dengu n'kuliika patsogolo pa guwa. Wopereka amanena mbiri: kuyendayenda, ukapolo wa ku Ejipito, kulira, kutulutsidwa, kupatsidwa dziko. Kenaka amagwada. Pomaliza, pa vesi 11, amasangalala pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo wokhala pakati pawo. Ife kawirikawiri timachita gawo loyamba lokha, mlembi n'kulemba m'kaundula kuti banja lakuti matumba awiri. Yesani izi: katundu asanaunjikidwe, pemphani achikulire awiri kapena atatu anene mwachidule kumene makolo awo anachokera ndi momwe anapezera malo amene akulimawo. Muwauziretu kutatsala sabata imodzi, ndipo muwapatse malire a nthawi, apo ayi mudzaweruka dzuwa litapendeka. Pokonza chakudya, werengeraninso aganyu amene anakupalirani ndi obwera amene alibe munda.

Mumpingo simulephera munthu wowerenga mabuku a Mafumu, ndipo adzati: nanga Aaramu si adani a Israele? Muvomereni. Aaramu sanali ufumu umodzi koma maufumu angapo, monga Zoba ndi Damasiko. Davide anamenyana ndi Hadadezere wa ku Zoba. Benihadadi anazinga Samariya. Hazaele anazunza Israele mpaka Elisa analira atangoona zimene munthuyo adzachite. Mu 1993 ofukula zakale anapeza ku Tel Dan, kumpoto kwa Israele, chidutswa cha mwala wolembedwa m'Chiaramu, ndi zidutswa zina mu 1994, pamene mfumu ya Aaramu ikudzitama za nkhondo n'kutchula nyumba ya Davide. Komanso udaniwo unali wa abale, wokhala ndi masiku ake. Zolemba za Asuri zikusonyeza kuti mu 853 BC Ahabu wa ku Israele pamodzi ndi mfumu ya Damasiko anaima mbali imodzi pa nkhondo ya ku Qarqar kulimbana ndi Shalmaneser III, mfumu ya Asuri. Mawu a Imanuele pa Yesaya 7 ananenedwa pamene Rezini wa ku Damasiko ndi Peka wa ku Israele anagwirizana kuukira Yerusalemu. Mu 732 BC Tiglath-Pileser III, mfumu ina ya Asuri, analanda Damasiko, ufumuwo n'kutha. Mayina onsewa musawakhuthule pa guwa. Akhale m'thumba, otulutsa wina akafunsa.

Amene muyenera kumupatsa nthawi ndi Namani, pa 2 Mafumu 5. Nkhani ya kumira kasanu ndi kawiri mu Yorodano ana onse amaidziwa, ndipo ambiri timaithera pamene khungu lake lasalala. Pitirirani mpaka vesi 19. Namani akupempha dothi la ku Israele loti nyulu ziwiri zisenze, kuti akapembedzerepo Yehova kwawo. Akupemphanso kukhululukidwiratu, chifukwa ntchito yake imafuna kuti mfumu ikalowa m'kachisi wa Rimoni itsamire pa mkono wake, ndipo ikawerama iyenso awerame. Rimoni ndi dzina la Hadadi, mulungu wa mvula ndi mabingu amene Aaramu ankapembedza. Elisa sanamupatse chilolezo, sanamudzudzulenso. Anangoti apite mumtendere. M'gulu mwanu muli anthu amene ntchito kapena banja limawaimika pamalo otere, choncho funsolo lisiyeni likambidwe, musalitseke ndi yankho lofulumira. Musaiwalenso amene anayambitsa zonse: kamtsikana kogwidwa pa nkhondo, kopanda dzina, kotumikira mkazi wa Namani.

Chaputala chotsatira chili ndi nkhani imene sindinaimvepo kawirikawiri pa guwa. Asilikali a Aaramu, atachititsidwa khungu, akupezeka ali pakati pa Samariya. Mfumu ya Israele ikufunsa kawiri ngati iwaphe. Elisa akuti apatsidwe chakudya ndi madzi, abwerere kwa mbuye wawo. Ikani pambali pake Amosi 9:7. Mneneri yemweyo amene anayamba buku lake ndi kudzudzula Damasiko akunena kuti Mulungu amene anatulutsa Israele ku Ejipito ndi yemwe anatulutsa Afilisti ku Kafitori ndi Aaramu ku Kiri. Vesi imeneyi iwerengeni pang'onopang'ono, kawiri, makamaka kumene anthu ayamba kuwerengana kuti uyu ndi mwini nthaka, uyu ndi wobwera.

Za chinenero mutha kusungira phunziro la pakati pa sabata. Maufumu a Aaramu atagwa, chinenero chawo chinafalikira. Pa 2 Mafumu 18:26 nduna za Hezekiya zikupempha kazembe wa Asuri kuti alankhule Chiaramu kuti anthu wamba ali pa linga asamve. Patapita zaka mazana angapo zinthu zinali zitatembenuka, anthu wamba ndiwo ankalankhula Chiaramu. Danieli 2:4 mpaka 7:28, Ezara 4:8 mpaka 6:18, Ezara 7:12-26 ndi Yeremiya 10:11 zinalembedwa m'Chiaramu, ndipo zilembo zimene Chiheberi chimalembedwera lero zinachokera ku kalembedwe ka Chiaramu. Talita kumi, Efata ndi Abba, mawu amene Marko anasunga momwe anatulukira pakamwa pa Yesu, ndi Chiaramu. Ku Nazarete Yesu atatchula Namani, pa Luka 4:27, anthu a m'sunagoge anamutulutsira kunja kwa mudzi. Ku Maaloula, mudzi wa m'mapiri kumpoto kwa Damasiko m'dziko la Syria, alipobe anthu olankhula mtundu wina wa chinenerochi.

Pa tsiku la masika lenilenilo tengani ndime ziwiri zokha, Deuteronomo 26:1-11 ndi Genesis 31:43-54. Owerenga muwapatse ndimezo Lachinayi kuti ayeserere, chifukwa Yegara-sahaduta si dzina loti munthu akumane nalo koyamba ataimirira kutsogolo, mpingo wonse ukumuyang'ana.