Musamavutike kutayipa dzina lonse la foda, Tab alipo

Anzanga amene mwangoyamba kugwiritsa ntchito terminal (pulogalamu yomwe mumalembamo malamulo ouza kompyuta chochita), kaya pa Ubuntu (mtundu wina wa Linux) kaya pafoni ndi Termux (terminal ya mafoni a Android), vuto lomwe ndimaliona kwambiri ndi kusochera. Munthu walemba cd (lamulo lolowera mufoda) kangapo kenako sakudziwanso kuti ali pati, ndiye akungolemba zongoganizira basi. Chonde musamatero. Lembani pwd nkudina Enter, ikuuzani pomwe muli, mwachitsanzo /home/dzina_lanu/Documents, kenako ls kuti muone zomwe zili mmenemo. Ziwirizi zikhale chizolowezi ngati kunena odi musanalowe pakhomo pa munthu.

Kulowa mufoda ndi cd ndi dzina la fodayo. cd .. imakutulutsani kupita kufoda yakumtunda, cd yokhayokha imakubwezani ku home kwanu (foda yanu yaikulu yomwe mumayambira), ndipo cd - imakubwezerani komwe munali posachedwa, iyi imathandiza kwambiri mukamagwira ntchito mmafoda awiri otalikirana. Malamulowa ndi akale, anachokera ku Unix ya ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, ndiye mukawadziwa lero akugwirirani ntchito pa Mac ngakhale pa seva.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi batani la Tab la pa kiyibodi. Tinene kuti muli ndi foda yotchedwa Malipoti_a_mwezi_2024, musavutike kulemba zonsezo, lembani cd Mal nkudina Tab, dzina lonse limalizika lokha. Ngati pali mafoda awiri oyamba ndi Mal, dinani Tab kawiri ikuonetsani onse, muonjezere chilembo chimodzi kapena ziwiri nkudinanso. Ndipo Tab akangokhala chete osatulutsa kanthu ngakhale mwadina kawiri, akukuuzani kuti dzina limenelo mulibe mmenemo, mwina muli foda yolakwika mwina mwasokoneza zilembo, poti pa Linux Documents ndi documents ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayina okhala ndi mpata pakati ngati Zithunzi za ukwati amazunguza anthu ambiri, Tab amaikamo yekha tizizindikiro toyenera, mukamalemba pamanja ndiye muziika dzinalo mkati mwa "".

ls nayo ili ndi zake. ls -a imaonetsa mafayilo obisika oyamba ndi kadontho ngati .bashrc, ls -lh imaonetsa kukula kwa fayilo, koma ine ndimakonda ls -lt chifukwa fayilo yomwe mwangoisintha kumene imabwera pamwamba. Fayilo ikasowa lembani find . -name "*.pdf" ikusakirani mmafoda onse amkati. Lamulo lalitali lomwe munalemba dzulo musalilembenso, dinani Ctrl+R mulembe kachidutswa kake litulukira.

Pa rm pokha, lamulo lofufutira mafayilo, ndikupemphani musamale zedi, kuno kulibe Recycle Bin, chomwe mwafufuta chapita. Musanalembe rm *.jpg yambani mwalemba ls *.jpg muone bwinobwino zomwe zichoke.

A Windows inu, mu Command Prompt (terminal ya Windows) mmalo mwa ls mumalemba dir, ndipo kuti mulowe mufulashi yomwe yatenga E mulembe cd /d E:\ chifukwa cd yokha siisintha drive. Koma PowerShell, terminal ina ya Windows, imalandira ls ndi pwd bwinobwino. Pa Ubuntu fulashi muipeza ku /media/dzina_lanu, pomwe pa Termux muyambe mwalemba termux-setup-storage nkuvomereza chilolezo chomwe foni ifunse, zikatero mafayilo omwe munadawunilodi muwapeza ku ~/storage/downloads.