Tayala limodzi lokha ndilo linkaphwa

M'mawa wina kukuzizira, nditangoyatsa galimoto yanga yamagetsi, pa sikirini panawala kachizindikiro kachikasu kochenjeza za mpweya wa m'matayala. Lakumbuyo kumanja linali pa 2.3 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), enawo pa 2.8. Chikalata chomatidwa pachimango cha chitseko cha dalaivala chimati 2.9.

Poyamba ndinkati ndi kuzizira chabe, poti mpweya umatsikadi kukazizira. Koma kuzizira kukanatsitsa onse anayi mofanana. Ndinapopa onse asanatenthe ndi ulendo, chenjezo n'kuzima pambuyo pake. Patangopita masiku awiri, ilo labweranso, tayala lomwe lija.

Sindinafune kuzengereza. Batire imalemeretsa galimotozi, tayala lophwa limadya chaji komanso limatha msanga m'mbali, ndipo yangayi, monga zambiri zamagetsi, ilibe tayala lapadera.

Ndinasungunula sopo m'madzi n'kupaka tayala lonse, kufunafuna msomali. Kunalibe. Nditadonthezera pakamwa pa valavu, polowetsera mpweya paja, timathovu tinayamba kutuluka pang'onopang'ono, kamodzikamodzi ngati mphika woyamba kuwira. Kachitsulo kam'kati mwa valavu kanali katakhwefuka. Ndinakamanga ndi kakiyi kake, mofatsa ndithu, chifukwa sensa yoyeza mpweya imakhala kuseri kwa valavuyo ndipo mphamvu zambiri zikhoza kuiwononga. Thovu linasiya.

Nditapopanso kufika 2.9, chizindikirocho sichinazime pomwepo, mtima n'kuyamba kukayika. Sensa imafuna galimoto iyende kaye. Nditayenda mphindi ngati khumi, chinazima chokha. Sabata yatha tsopano, tayalalo lidakali pa 2.9.